Ndowa Yoyamba ya pa Bwinja

Tsiku logawa katundu wa malemu aYelemiya Ngozo, amene analipo ndi awa: mlongo wawo aNangozo, pamphasa pafupi ndi khomo, ana awiri a aNangozo, Fanuwelo ndi Tinenenji, mkulu wa mpingo wodzachitira umboni, ndi aDiliyasi a munda woyandikana, amene sanaitanidwe koma anabwera ndi mpando wawo. Amene panalibe ndi aNajere, mkazi wa malemuyo. Iwo anali atasudzulidwa kale mwaliwiro, dothi la pamanda lisanaume n'komwe, n'kubwerera kwawo ku Kasinje ndi chikwama chimodzi. Makina awo osokera anatsala m'chipinda. Fanuwelo anati adzatumiza galimoto ikapezeka. Musawaiwale makinawo, tiwapezanso kutsogoloku.

Njinga anatenga Fanuwelo. Wailesi aNangozo. Jekete lakuda ndi nsapato zinapita ku mpingo. ADiliyasi anapempha chipewa, ndipo poti munthu anali atasenza mpando kuchokera kwawo, anawapatsa. Anawerenga makasu, mawilibala awiri, makeni othirira khumi ndi awiri, mpaka chikho chimene chinkapachikidwa pamsomali wa pathanki. Chilichonse chinapeza mwini. Ndipo aliyense polandira ankanena mokweza kuti, "Malume, ichi chili kwa ine," monga limachitira banja limenelo, kuti wopitayo adziwe kumene katundu wake wagona, asamavutike kufunafuna.

Chimodzi chokha sichinawerengedwe: zolemba za malemu zimene zinali m'kabokosi ka m'nyumba ya pampu. Ndani akanaganiza kuti zimenezo n'katundu? Sizivalidwa, sizikweredwa, sungazisenze pamutu.

AYelemiya anagwira ntchito ya makina a matelefoni m'tauni zaka makumi awiri. Atapuma anabwerera kumudzi, nakumbitsa mjigo m'munsi mwa phiri, naika pampu ya sola, thanki yaikulu, ndi nazale ya mbande za mango, mapeyala ndi malalanje. Banja lonse linkadyera pamenepo. Poti anali munthu wa makina, sankafuna kulawirira mipopi. Anaika kakompyuta kakang'ono ngati sopo wochapira m'kabokosi ka malata, nakalembera malamulo: nthawi yakuti tsegula apa, thanki ikadzaza tseka apo. Kankawamvera kuposa ana a mlongo wawo.

Anamwalira mu Juni. Zimene tikukambazi zinachitika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, m'nazale muli mbande zikwi makumi atatu zimene wogula wa ku Dedza ankadzatenga Loweruka. Amene anagwirapo nazale akudziwa: mbande ya m'chubu ikagona masiku atatu osamwa mu Okutobala, imeneyo ndi nkhuni.

Lolemba m'mawa Tinenenji anatsegula kabokosi kaja. Mwanayu ndiye anaphunzira zamakompyuta m'banjamo, malume ake omwewo ndi amene anamukankhira kusukulu, ndipo anali atapeza ntchito ku Lilongwe yoti akayambe mwezi ukatha. Fanuwelo ankafuna kuwonjezera thanki yachiwiri mlongo wakeyo asanachoke. Tinenenji anati sangawonjezere kanthu pa zolemba zosawerengeka. Ayambe wazikonza, kuti iye akachoka, wina aliyense wodziwa adzathe kuzitsata.

Amayi ake anamupeza atakhala panjerwa, laputopu pamiyendo, chingwe chikulowa m'kabokosi. Pashelefu panali sikirini yakale ya malume ndi kiyibodi yake, zili fumbi lokhalokha.

"Zawonongeka?" anafunsa aNangozo.

"Ayi, Amayi, zikugwira."

"Nanga chosawonongeka ukuchikonzeranji?"

Tinenenji anaseka, n'kutembenuza laputopu. "Taonani. Inu mukafuna kudziwa nthawi mumatuma munthu kuti akafunse kwa wa wotchi, abwere ndi yankho. Kompyuta nayo imatuma choncho, ndipo mawu otumirawo amawatsekera pakati pa zizindikiro ziwiri. Kale ankatsekera ndi timizere iti, kena uku ` kena uku `. Kotsegula ndi kotseka n'tofanana ngati mapasa. Tsono ukatuma wina, iyenso n'kutuma mnzake, sudziwanso kotsegula ndi kati, kotseka ndi kati. Masiku ano timatsegula chonchi $( n'kutseka chonchi ). Ngakhale wobwera mawa awerenga."

ANangozo anayandikitsa nkhope. "Timizere ta malume akoto tikuoneka ngati pamene papalasa nkhuku."

"Ndiye mwaona."

"Wawauza?"

"Ndani?"

"Eni ake zolembazo."

"Amayi, malume anatisiya mu Juni."

"N'chifukwa chake ndikufunsa," anatero aNangozo, n'kumapita kukaona mbuzi zawo.

Malo oti asinthe analipo makumi anayi ndi atatu. Tinenenji anayamba wasunga kope la zakale pa kafulashi kake kofiira, monga anamuphunzitsira kusukulu, n'kukapachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Kenako analamula kompyuta kuti isinthe malo onsewo kamodzin'kamodzi. Makumi anayi ndi awiri anatuluka osalala. Amodzi, a kumunsi kwenikweni, anasokonekera ngati ulusi umene waseweredwa ndi mphaka. Unali mzere wautali, wotuma katatu: kufunsa tsiku, tsikulo n'kukafunsira nthawi yotuluka dzuwa, nthawiyo ikakwana n'kutsegula mpopi wachitatu kwa mphindi ziwiri. Malume sanalembepo chilichonse chofotokozera. Anali otero ndi pamoyo pomwe, ukawafunsa chifukwa ankangokupatsa sipanala.

Tinenenji anasuzumira panja. "Achimwene! Mpopi wachitatu uli kuti?"

Fanuwelo anayankha ali pakati pa mbande, osatembenuka. "Ilipo iwiri ngati maso. Wa thanki ndi wa nazale. Wachitatuwo mwina uli ku Lilongwe kwanuko, a bwana."

Tinenenji anati ndiye kuti ndi mzere wakufa, wotsalira pa zimene malume ankayesa kale. Kunali kutentha, njala inali itamupweteka. Anaufufuta, n'kutseka kabokosi, n'kukhoma chitseko ndi loko.

Lachiwiri m'mawa chikho panalibe pamsomali wa pathanki.

Palibe anadabwa kwenikweni. Chikho chimayenda. Koma Fanuwelo atakwera makwerero kukasuzumira m'thanki, imene inagona yodzaza mpaka pakamwa, anapeza madzi atatsika kutalika kwa mkono. Anazungulira thanki kufuna pamene pakudontha. Pansi panali pouma gwa, nyerere zikuyenda mwamtendere.

"Wasokoneza chiyani m'kabokosi muja?"

"Kabokosi sikamwa madzi, achimwene. Usiku wonse mipopi inali yotseka, zalembedwa apa."

Tsiku limenelo Tinenenji sanakhazikike. Anawerenga mizere makumi anayi ndi iwiri ija kawiri, yonse inali bwino. Akakhala pansi ankaona ngati waiwala kanthu pamoto. Akaimirira sankadziwa kopita. Galu wa pakhomopo, amene masana onse amagona pamthunzi wa thanki poti ndi pozizira, anakana kupitako. Ankangozungulira bwalo, kugona apa, kudzuka, kukagona apo. Chakumadzulo, akukhoma nyumba ya pampu, Tinenenji anamva kulira kwa chigwiriro cha ndowa yachitsulo, kwiii, ngati munthu wainyamula yopanda kanthu. Anasuzumira kuseri. Kunali mpanda wa waya, ndipo kupitirira mpandawo kunali bwinja, tchire la mitengo ya mango yakalekale kumene kunali mudzi agogo athu ali ana. Kunalibe munthu.

Lachitatu thanki inali theka. Makeni onse khumi ndi awiri, amene amagona m'shedi, anawapeza atandandalikidwa m'mbali mwa mpanda, bwinobwino, milomo yonse italoza kubwinja. Onse ouma.

Fanuwelo sanadikire kuti wina alankhule. Anadumpha ngalande n'kukaima m'malire a munda wa aDiliyasi, amayi aganyu a m'nazale akuonerera.

"Chipewa sichinakukwaneni? Tsopano mwayamba madzi?"

ADiliyasi anawongoka pang'onopang'ono, chipewa cha malemu chili kumutu. "Iwe Fanuwelo, theka la thanki ndinganyamule ndi chiyani ine? Ndi chipewachi? Taona tomato wangayu mmene wafotera. Akuoneka ngati wamwa madzi akuba ameneyu?"

"Mwagulitsa."

"Kwa yani? Kwa achule?"

Akukangana choncho, Tinenenji anatsegula loko ya nyumba ya pampu. Kiyi inagona m'thumba mwake, loko inali yosakhudzidwa. Koma sikirini yakale ya malume, imene iye sanaiyatsepo, inali ikuwala. Pagalasi lakuda panali kamzere kamodzi kokha kakalekale kaja, ndipo pambali pake kakuwala kakang'ono kakuphethira. Pa kiyibodi fumbi linali monga analisiyira, kupatula batani limodzi la pakona ya kumanzere. Limenelo linali lonyowa.

Anaitana amayi ake ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire.

"Tsono chikutanthauzanji?" anafunsa aNangozo ali pakhomo. Sanalowe.

"Wina watsegula, osatseka. Kompyuta ikaona chonchi siyankha kanthu. Imangodikira kotsekera."

"Idikira mpaka liti?"

"Mpaka wina atseke."

Tinenenji anadina mabatani othetsa, kamzere kaja kanachoka. Pamenepo maganizo a mzere wofufuta uja anamubwerera, ndipo anati basi abwezere zonse monga zinalili, za kukonza adzaona Loweruka likadutsa. Anatambasula dzanja kuseri kwa chitseko. Msomali unalipo. Kafulashi kofiira panalibe. Anasesa nyumba yonse ya pampu ndi manja, anakhuthula chikwama, anang'amba mpaka thumba la siketi. Anayesa kukumbukira mzere uja, koma zimene ankakumbukira n'zakuti unkatsegula mpopi umene kulibe. Angalembe bwanji lamulo la mpopi woti kulibe?

Madzulo amenewo m'nyumba munalibe wokhala pansi. Fanuwelo anamanga thanki ndi tcheni, nagona pansi pake ndi chibonga. Akulumbira mpaka lero kuti sanatseke diso. Lachinayi kutacha, tcheni chili chomangika, anagogoda thanki ndi chibonga chija ndipo inalira ngati ng'oma. Munalibe ngakhale dontho. Dzuwa litakwera pampu inayamba kung'ung'udza monga mwa masiku onse, koma m'paipi munkangotuluka mpweya wotentha, wa fungo la dothi lokumbidwa kumene. Kamzere kaja kanali katabwereranso pa sikirini. Ulendo uno Tinenenji sanakakhudze.

Mbande za mapeyala, zomwe sizichedwa kudandaula, zinali zitagwetsa kale makutu. Fanuwelo anasonkhanitsa amayi aganyu kuti azikatunga kudambo, mtunda wa ola lathunthu kupita ndi kubwera. Aliyense ankadziwa kuti madzi a pamutu sangamwetse mbande zikwi makumi atatu. Ankangochita kuti manja asakhale chabe.

Dzuwa lili paliwombo, Tinenenji akuchokera kudambo ndi chigubu, anakumana ndi mayi wina panjira ya m'mbali mwa mpanda. Anali atavala chilundu cha mtundu umene sugulitsidwanso, ndipo ndowa yake yachitsulo sanaisenze, anaigwira m'manja. Nkhope yake Tinenenji anaiyang'ana ndithu, anapereka ndi moni womwe, koma mpaka lero mukamufunsa ngati anali wamkulu kapena wachitsikana, amangopukusa mutu.

"Ndinu a kwa aNgozo?" anafunsa mayiyo, atatula ndowa pansi.

"Eya, ndine mdzukulu wawo."

"Kwanuko kwagwanji?"

"Malume anatisiya mu Juni, mayi."

"Za Juni tikuzidziwa. Juni, Julayi, mpaka Lolemba lapitali sitinasowe kanthu. Ine ndikunena za Lachiwiri."

Tinenenji anafuna kutsitsa chigubu kuti amuthirireko, koma mayiyo anakweza dzanja.

"Amenewo ndi a m'dambo. Si athu."

Ananyamula ndowa. Kwiii. Njinga yamoto inadutsa kumsewu, Tinenenji n'kucheukira kumeneko kamphindi kochepa, ndipo pobweza maso mayi uja anali kale patali, akulowa pansi pa mitengo ya mango ya kubwinja, kumene kulibe nyumba, kulibe njira yotulukira kwina. Pafumbi pamene anaima panali chizindikiro chozungulira cha kunsi kwa ndowa. Mapazi analipo a Tinenenji okha.

Anafika kunyumba chigubu chitatayika theka. ANangozo anamva nkhani yonse osamudula, akupukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma.

"Tsiku logawa lija," anatero potsiriza, "zolemba za m'kabokosi analandira ndani?"

"Palibe."

"Ndiye wagwira katundu wopanda mwini, mwini wake akuyang'ana. Amene angadziwe za mpopi wachitatu ndi amene ankagona nawo nyumba imodzi. Pita ku Kasinje."

"Tipitire limodzi, Amayi."

"Ine? Ndi nkhope iti? Munthu tinamutulutsa ngati wakuba uja? Pita iwe, ndiwe mwana, akutukwana pang'ono."

Tinenenji anakwera kabaza, ndipo njira yonse yotsetsereka ija ankangomva ngati kumbuyo kwake kukulira chigwiriro cha ndowa. Wakabaza anati ndi tcheni cha njinga.

ANajere anawapeza pakhonde, akusoka diresi la mwana wasukulu ndi singano ya pamanja, magalasi ali pamphuno. Sanadzuke.

"Ndimati ndi galimoto ya makina anga. Kani ndi Tinenenji wapansi."

Tinenenji anagwada. "Azakhali, ndalakwa."

"Iwe wekha? Mwayamba kulapa mmodzimmodzi? Khala apo. Wamwa madzi?"

"Ndi madzi omwewo ndabwerera."

Singano inaima. Tinenenji anafotokoza zonse, za timizere takale ndi tatsopano, za mzere wotuma katatu, za thanki, za mayi wa ndowa. ANajere anavula magalasi n'kuwaika pamwendo.

"Wafufuta liti?"

"Lolemba."

"Mayo ine. Masiku atatu." Kenako anayamba kufotokoza. "Mjigo umene uja malume ako anakumbitsa katatu. Koyamba fumbi. Kachiwiri fumbi. Okumba anati madzi ali malo amodzi basi, m'mphepete mwa bwinja. Malo amenewo anali a gogo wina, aNasoko, wotsala yekha wa mudzi umene uja. Malume ako anapita ndi mbuzi, gogoyo anaikana. Anapita ndi malata oti awafolerere nyumba, anawakana. Anati, 'Pansi pamenepo pali anthu anga, ndipo akhala akumwa madzi amenewo inu musanabadwe. Tengani. Koma ndowa yoyamba ya tsiku lililonse, dzuwa likangotuluka, inu musanalawe, muzikawatulira pansi pa mango.' Basi. Ndowa imodzi."

"Ndiye ankatula ndani?"

"Ukuona ngati ndani? Msana uwu. Zaka zinayi, mvula kaya dzuwa. ANasoko anamwalira chaka chachiwiri, ine osaleka. Msana utakana, ndi pamene malume ako anakumba kangalande kuseri kwa nyumba ya pampu, nayala paipi pansi pa mpanda, nalemba mzere wakowo. Anasangalala ngati mwana tsiku limenelo. Anati tsopano ngakhale tife tonse, ndowa izipita."

"Bwanji sanatiuze?"

"Munthu wovala jekete lakuda Lamulungu, wowerenga mawu kutsogolo, akanaima pabwalo n'kunena kuti ndimatungira anthu a pansi? Ine ndikananena. Koma munandifunsa? Munandifunsa za makiyi basi."

Tinenenji anayang'ana pansi. Kenako anafunsa chimene chinamuvuta njira yonse. "Ndikalembe ndi timizere takale tomwe tija? Mwina akwiya chifukwa ndasintha kalembedwe."

ANajere anaseka koyamba. "Iwo aja sukulu anaiona kuti, mwanawe? Sadziwa kuwerenga. Amadziwa ludzu. Lemba mmene ukudziwira iwe. Koma malume ako uwauze, amenewo ndiye amawerenga."

"Nanga za masiku atatuwa? Mawa nditsegule ndowa zinayi?"

"Usayerekeze. ANasoko anati imodzi. Ukapereka zinayi, wawaphunzitsa zinayi." Anavalanso magalasi, natola singano. "Thamanga, dzuwa likupita. Ndipo ukamuuze Fanuwelo kuti zala zanga zatha ndi singano."

Tinenenji anafika kumudzi dzuwa litafiira. Fanuwelo anali atakhala pa wilibala, miyendo ili matope a kudambo, maso ali pa mbande.

"Abwera a bwana. Mwatitengera madzi a m'foni?"

"Tengani khasu, achimwene."

"Ndikumbe manda a mbande?"

"Tengani khasu."

Kuseri kwa nyumba ya pampu, pansi pa mulu wa njerwa zosweka umene aliyense ankauona ngati zinyalala, khasu linagunda chitsulo. Panali kabokosi kena kokwiririka, m'kati mwake mpopi wodzitsegukira wokha wofanana ndi iwiri ija, ndi paipi yopyapyala yolowera pansi pa mpanda. Fanuwelo anaiyang'ana paipiyo, anayang'ana kumene yaloza, n'kukhala pansi padothi pomwepo. Tinenenji anamuuza za aNasoko.

Tinenenji analowa m'nyumba ya pampu kusanade. Kamzere kaja kanali pomwepo pa sikirini yakale, kakuwala kakuphethira pambali pake. Anakhala panjerwa, natsegula laputopu, koma asanadine kanthu anakweza mutu. Anachita manyazi, ngakhale munalibe womuona. Kenako ananena mokweza, monga ananenera ena tsiku logawa lija.

"Malume, zolemba zanu zili kwa ine. Ndinazigwira osakuuzani. Ndasintha timizere tanu kuti obwera m'mbuyo athe kuwerenga. Mzere wa aNasoko ndinafufuta posadziwa, ndikuubwezera tsopano."

Malata a padenga ankangothetheka pozizira.

Anaulemba mwatsopano, kutuma katatu konse, kotsegula kakuoneka, kotseka kakuoneka, china m'kati mwa chinzake ngati miphika yosanjikiza. Anauyesa kawiri osatsegula madzi, kuopa kupereka nthawi isanakwane. Ndipo pamwamba pake analemba chimene malume ake sanalembe, m'Chichewa choti ngakhale amayi ake atha kuwerengeredwa: Ndowa yoyamba ya tsiku lililonse ndi ya anthu a aNasoko, pa bwinja. Ndi pangano la mjigo uno. Wofufuta mzere uwu ayambe wafunsa banja la aNgozo.

Palibe anagona bwino. Tambala woyamba atalira aNangozo anali atavala kale mpango. Kum'mawa kutayamba kuyera anatuluka atatu, mayi ndi ana ake, n'kukwawa pansi pa waya wa mpanda. Galu anawaperekeza mpaka pampandapo, n'kukhala pansi.

Kubwinja kunali kozizira ngati si Okutobala. Pansi panali masamba a mango ndi mapale a miphika yakale. Anatsata mzere wa paipi mpaka pa mtengo waukulu wa pakati, ndipo pamenepo, pakati pa mizu, kapaipi kanatulukira m'dothi kufika m'bondo, kokhota kukamwa. Pansi pake panali mwala wafulati, wosalala ngati mphero. Pozungulira mwalawo panalibe tsamba ngakhale limodzi. Panali posesa.

Anadikira. Fanuwelo ankasinthasintha mwendo woimira. ANangozo milomo inkayenda, kaya ankapemphera kaya ankawerenga. Tinenenji ankangoganiza kuti m'mjigo munalibe madzi dzulo lonse, ndiye ngakhale mzere uli bwino, chituluke n'chiyani?

Dzuwa linasuzumira pamwamba pa phiri. Kutali, kunyumba ya pampu, kunamveka kuti tha. Kapaipi kanatsokomola, kanatsokomolanso, kanalavula dothi lofiira, kenako madzi anabwera, oyera, ochuluka.

Ankagwera pamwala, maso ankaona choncho. Koma makutu ankamva zina. Madzi ogwera pamwala amati phwaa. Awa ankalira ngati akugwera m'ndowa yachitsulo yopanda kanthu, ndipo kulirako kunkakwera pang'onopang'ono, monga imachitira ndowa ikamadzaza. Tinenenji anakhazika maso pakamwa pa kapaipi, osawatsitsa. Fanuwelo ndi amene anayang'ana pansi. Chimene anaona sananenepo, ndipo amene amufunsa amawayankha za mpira.

Mphindi ziwiri zitakwana madzi anaduka. Kunali zii. Kenako, pafupi kwambiri, pakati pa Tinenenji ndi amayi ake, chigwiriro chinalira. Sichinati kwiii ngati kale. Chinalira mwakuya, monga chimalirira ndowa ikalemera. Masamba anaphwanyika kulowera m'kati mwa tchire, phazi ndi phazi, mosafulumira, ngati munthu woopa kutaya.

Mwala uja unali wouma.

"Tiyeni," anatero aNangozo. "Si ulemu kuonerera anthu akumwa."

Asanafike pampanda anamva madzi akugwera m'thanki. Fanuwelo anathamanga, anang'ambitsa malaya pa waya, n'kuyamba kukuwira amayi aganyu kuti abwere ndi makeni. Tinenenji analowa m'nyumba ya pampu. Pa sikirini yakale panali timizere tiwiri, kotsegula ndi kotseka, pakati popanda kanthu. Akuyang'ana choncho galasi linazima lokha, ndipo silinayakenso kufikira lero.

Thanki inadzaza isanakwane naini, ndipo inagona yodzaza. Mango ndi malalanje anadzuka. Mapeyala zikwi zinayi sanadzuke, anakatayidwa kudzala. Wogula wa ku Dedza anabwera Loweruka n'kutenga zotsalazo, akudandaula kuti masamba ndi ofota, koma anatenga. Tinenenji anapita ku Lilongwe mwezi utatha. Thanki yachiwiri inaikidwa, ndipo amene anabwera kudzailumikiza anawerenga zolemba zonse mosavuta, nafika pa mzere wa kumunsi uja, nawerenga za pamwamba pake, n'kuchotsa manja pa kiyibodi.

Tsono zotsala ndi izi.

Chikho sichinabwerere, ndi kafulashi kofiira komwe. Zimenezo sitikuzifunsa.

ADiliyasi anatchulidwa wakuba pamaso pa amayi aganyu, ndipo Fanuwelo sanapitebe kukapepesa. Akuti akudikira mpata.

Makina osokera a aNajere akadali m'chipinda, ataphimbidwa ndi chitenje. Galimoto zapita ku Kasinje zisanu chichitikireni izi. Ndiponso zaka zinayi za msana wawo palibe wa kwa aNgozo amene anapita kukanena zikomo.

Ndipo ndowa zitatu, ya Lachiwiri, ya Lachitatu ndi ya Lachinayi, sizinabwezedwe. Eni ake sanabwere kudzazifunsa. Koma sananenenso kuti zatha.